Chala Chikatupa, Funsani za Impso

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero tikamba za impso, koma tiyambira kutali ndi kumene impsozo zili. Tiyambira ku chala chachikulu cha kuphazi.

Alipo matenda amene amakonda kubwera usiku. Bambo wagona bwinobwino, mwina madzulo anadutsirako pa kanyenya ndi anzake. Chakum'bandakucha adzidzimuka, chala chachikulu cha kuphazi chikuyaka moto. Chatupa, chatentha, khungu likuchita kunyezimira, moti ngakhale chofunda chikangochikhudza munthu wamkulu amakuwa. Kukacha nsapato osalowa. Achibale ena amayamba kunong'ona kuti wina anamutchera mankhwala panjira, ena amati ndi nyamakazi wamba. Kuchipatala matendawa amawatcha gauti. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri ululu umazilala wokha, mwini wake nkuiwalako, mpaka tsiku lina udzabwerenso.

Chimene chimayambitsa zonsezi ndi chinthu china cha m'magazi chotchedwa uric acid. Dzinali ndi lachilendo, koma chinthucho mumachiona tsiku lililonse pakhomo panu. Choyera chija chimakhala pamwamba pa zitosi za nkhuku ndi uric acid ameneyu. Mbalame zimataya zoipa za m'thupi mwa njira imeneyo.

Mwa ife anthu amapangika motere. Maselo a m'thupi amafa tsiku ndi tsiku, ena atsopano nkulowa m'malo. M'kati mwa selo iliyonse muli zinthu zotchedwa purine, ndipo chiwindi chikaziphwanya, chotsalira chake ndiye uric acid. Zakudya nazo zimabweretsa purine, koma wambiri amachokera m'thupi momwemo, ngakhale munthu atagona ndi njala. Mbuzi ndi ng'ombe zili ndi mwayi, chifukwa matupi awo amamuphwanyanso uric acid kukhala chinthu chosungunuka msanga m'madzi. Ife mphamvu imeneyo tilibe. Tiyenera kumutulutsa momwe alili, ndipo magawo 2 mwa 3 amatuluka kudzera mu impso, lotsalalo m'matumbo.

Impso iliyonse ili ndi tizosefera pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ziwirizo pamodzi zimasefa malita pafupifupi 180 a madzi a m'magazi pa tsiku. Ambiri mwa madziwo zimawabwezera m'thupi, nkutsala lita imodzi kapena awiri amene timakataya ngati mkodzo. Chodabwitsa nchakuti uric acid nayenso zimamubweza. Pa magawo 10 amene zasefa, pafupifupi 9 amabwerera m'magazi. Ndiye mutha kuona kuti impso zikangofooka pang'ono, kapena zikakhala zobweza mopitirira, uric acid sachedwa kukwera.

Taganizani za shuga mu tiyi. Supuni imodzi imasungunuka, yachiwiri chimodzimodzi, koma mukapitiriza kuthira pamafika pomwe shuga amangokhala pansi pa kapu, makamaka tiyiyo akazizira. Magazi nawonso ali ndi malire ake. Pa pepala la ku labu, malirewo ali pa 6.8 ngati akulemba mu mamiligalamu, kapena pafupifupi 400 ngati akulemba mu micromol. Kupitirira pamenepo uric acid amayamba kuundana nkukhala timiyala tosongoka, tosaoneka ndi maso. Timakonda malo ozizira a m'thupi, ndipo phazi ndi lozizira kuposa pamimba, nchifukwa chake chala chija chimayamba kulira. Asilikali a m'thupi akatipeza timiyalato amatithira nkhondo, ndipo kutupa ndi kutentha kuja ndi nkhondo imeneyo.

Tsono mvetserani apa, chifukwa mpamene pagona nkhani yathu ya lero. Mwa anthu 10 alionse odwala gauti, pafupifupi 9 vuto lawo si lakuti thupi likupanga uric acid wochuluka. Vuto nlakuti impso zawo sizikumutulutsa mokwanira. Ena ndi chibadwa cha kumtundu, mupeza bambo anali nayo, amalume nawonso. Ena impso zinayamba kale kuonongeka ndi BP kapena shuga. Choncho mawu aja timakonda kumunena nawo munthu, akuti wadya nyama kwambiri, gauti ndi matenda a anthu olemera, nthawi zambiri timakhala tikumulakwira. Choipa kwambiri nchakuti tikamaseka za nyamazo timaiwala kufunsa funso lofunika: kodi impso za munthuyu zili bwanji?

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Ubale wa uric acid ndi njira ya mkodzo unadziwika kalekale. Mu 1776, katswiri wa zamankhwala wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, ndiye anamutulukira koyamba, ndipo anamupeza m'miyala yochokera m'chikhodzodzo. Panapita zaka zoposa 70 kuti dokotala wa ku London, Alfred Garrod, asonyeze mu 1848 kuti chinthu chomwecho chimachuluka m'magazi a anthu odwala gauti.

Tiyambe ndi miyalayo. Pa miyala 10 ya mu impso, pafupifupi umodzi umakhala wa uric acid. Chimene chimaupanga kwenikweni ndi mkodzo wokhala ndi asidi wambiri, komanso wochepa chifukwa chosamwa madzi. Anthu odwala shuga, onenepa kwambiri ndi amene amatsegula m'mimba kwa nthawi yaitali ndiwo amapezeka nayo kawirikawiri, ena mwa iwo asanatupepo chala ngakhale kamodzi. Mwala ukachoka mu impso nkulowa m'kanjira kopapatiza kotsikira ku chikhodzodzo, ululu wake ndi wosasimbika. Umayambira m'mbali mwa msana pansi pa nthiti, nkumatsikira kuchinena. Munthu amagudubuzika, amasanza, sapeza pogonera. Mkodzo ukhoza kutuluka ndi magazi, ndipo kuno kwathu, makamaka m'mbali mwa nyanja, ambiri akaona magazi amangoti ndi likodzo. N'kutheka ndi likodzodi, koma amene angasiyanitse ndi a ku labu.

Mwala wa uric acid uli ndi khalidwe lake. Pa X-ray wamba suoneka, moti munthu akhoza kuuzidwa kuti chithunzi chili bwinobwino pamene mwala ulimo. Pamafunika sikani. Ubwino wake ndi wakuti mosiyana ndi miyala ina yambiri, uwu ukhoza kusungunuka popanda opaleshoni. Dokotala amapereka mankhwala ochepetsa asidi mumkodzo, monga potassium citrate, nkumayeza mkodzowo pafupipafupi. Ndikudziwa kuti wina wamva zimenezi waganiza kale za soda uja wophikira therere ali m'kabati. Chonde musatero. Soda ali ndi mchere wokweza BP, ndipo mulingo wake sungapezeke ndi supuni ya kukhitchini. Ndipo ngati ululu wa m'mbaliwo wabwera ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena mkodzo wasiya kutuluka, musadikire kuti kuche. Impso yotsekeka imene mwalowa tizilombo imapha msanga.

Palinso nthawi imene uric acid amatseka impso zonse ziwiri m'masiku ochepa chabe. Izi zimachitika kwa odwala khansa zina zokula mofulumira, ndipo imodzi mwa izo timaidziwa bwino kuno ku Malawi. Ndi khansa ya ana ija imatupitsa chibwano kapena mimba, imene dokotala Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 akugwira ntchito ku Uganda, ndipo mpaka lero imadziwika ndi dzina lake. Ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'dziko muno. Mankhwala amaigwira bwino, moti chotupa chimaphwa m'masiku owerengeka. Koma maselo ochuluka chomwecho akafa nthawi imodzi, purine yense uja amakhuthukira m'magazi, uric acid nkusefukira, timiyala nkutseka timachubu ta m'kati mwa impso. Nchifukwa chake mwana wotere amayamba walandira madzi ambiri a m'diripi ndi mankhwala otsitsa uric acid, mankhwala a khansa asanayambe kapena akungoyamba kumene. Makolo mukaona zimenezo musaganize kuti achipatala akuzengereza. Akutchinjiriza impso za mwana wanu.

Nanga uric acid wongokwera chabe, munthu alibe gauti, alibe mwala, kodi amadya impso pang'onopang'ono? Funso limeneli linawazunguza mutu madokotala kwa zaka zambiri. Ankaona kuti anthu a uric acid wokwera ndi omwenso impso zawo zimafooka msanga, ndiye ambiri anaganiza kuti akamutsitsa, impso zipulumuka. Mu 2020 kunatuluka zotsatira za akafukufuku akuluakulu awiri m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Woyamba anachitika ku Australia ndi New Zealand pa anthu 369 odwala impso, kwa zaka 2. Wachiwiri anachitika ku America, Canada ndi Denmark pa anthu 530 odwala shuga wa mtundu woyamba, kwa zaka 3. Theka la anthuwo ankamwa mankhwala otsitsa uric acid otchedwa allopurinol, theka linalo mapiritsi opanda mankhwala. Uric acid anatsikadi mwa omwa mankhwalawo, koma impso zawo zinapitiriza kufooka pa liwiro lofanana ndi la anzawo aja.

Potsatira zimenezi, bungwe la KDIGO, limene limalemba malangizo a kasamalidwe ka odwala impso padziko lonse, linalangiza mu 2024 kuti wodwala impso amene ali ndi gauti apatsidwe mankhwala otsitsa uric acid, koma amene nambala yangokwera popanda chizindikiro chilichonse asamwetsedwe mankhwalawo pofuna kuteteza impso. Kwa ine, tanthauzo lake nlakuti nambala yokwerayo ndi mthenga. Mukalandira pepala lotere, funsani kuti akuyezeni BP, shuga ndi impso, chifukwa kawirikawiri chovuta chenicheni chimabisala kumeneko.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za uric acid, gauti ndi impso. Tsopano tifike pa chinthu chimene ndikuona kuti chikutipweteka kwambiri.

Bambo uja chala chikamuyaka, sapita kuchipatala. Amatuma mwana ku okala kukagula Indocid, Brufen kapena diclofenac. Amwa awiri, ululu uchepa, madzulo amwanso. Mwezi wamawa chala chikayambanso, amadziwa kale kopita. Ena amafika poyenda nawo m'thumba la malaya, kumwa m'mawa uliwonse asanapite ku ntchito, osadya kanthu, chaka ndi chaka. Mankhwalawa ndi enieni, ndipo dokotala amawapereka kwa masiku ochepa kwa munthu amene impso zake zili bwino. Koma kagwiridwe kake ka ntchito nkomwe kali ndi msampha. Amatseka zinthu zina za m'thupi zimene zimabweretsa ululu ndi kutupa, ndipo zinthu zomwezo ndi zimene zimatsegula mitsempha yolowetsa magazi mu impso. Mukazitseka, magazi opita ku impso amachepa. Wachinyamata wamphamvu sangamve kanthu. Koma kwa munthu wachikulire, wa BP, wa shuga, womwa mankhwala okodzetsa, kapena amene wakhala padzuwa tsiku lonse osamwa madzi, impso zimavulala. Zikavulala zimatulutsa uric acid wochepa kuposa kale, gauti imabwera pafupipafupi, iye nkuwonjezera mapiritsi. Zilonda za m'mimba nazo zimabwera ndi mankhwala omwewa.

Impso sizidandaula msanga. Munthu akhoza kutaya yoposa theka la mphamvu ya impso zake asakumva kupweteka paliponse. Pamene mapazi ndi nkhope ziyamba kutupa, mkodzo kuchita thovu, thupi kuyabwa, chakudya kunyansa, zinthu zimakhala zitapita patali. Makina otsuka magazi m'dziko muno ndi ochepa, amapezeka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Gulupu ku Blantyre, ndipo munthu amagona pa makinawo maola pafupifupi 4, kangapo pa sabata, moyo wake wonse. Pomwe kuyeza impso nkosavuta. Amatenga magazi pang'ono nkuyeza chinthu chotchedwa creatinine, amatenganso mkodzo nkuviikamo kapepala koona ngati impso zikutaya mapuloteni. Dokotala akadziwa momwe impso zilili, ali nazo njira zina zozimitsira gauti, monga prednisolone wa masiku ochepa, kapena colchicine pa mulingo woyenerana ndi impsozo. Za mabotolo aja amagulitsidwa m'misika ndi m'mabasi, olembedwa kuti amatsuka impso, ndingonena kuti impso yofooka siyoyeserapo zinthu zimene simukudziwa kuti muli chiyani.

Alipo mankhwala ena abwino ndithu amene amakweza uric acid. Odziwika kwambiri ndi ka piritsi ka BP kaja kamatchedwa HCT, komanso Lasix wochotsa madzi m'thupi. Amene akumwa mankhwala a TB, m'miyezi iwiri yoyamba amalandira pyrazinamide, amene amaletsa impso kutulutsa uric acid, ndipo ena amamva kuphwanya molumikizirana mafupa. Ndikupempheni, musasiye mankhwala a TB kapena a BP pa inu nokha chifukwa cha zimene mwamva pano. TB yosiyidwa panjira imasanduka yosamva mankhwala, ndipo BP yosasamalidwa imaononga impso kuposa uric acid. Kauzeni amene anakulemberani. Pa BP alipo ena amene angakusinthireni, monga amlodipine kapena losartan.

Za zakudya ndidutsapo mwachangu, chifukwa anthu amazikulitsa kuposa mmene ziyenera kukhalira. Kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2004, atatsatira abambo oposa 47,000 kwa zaka 12, anapeza kuti odya kwambiri nyama ndi zam'nyanja ndiwo ankadwala gauti kawirikawiri, pamene omwa mkaka ankadwala mocheperapo. Nyemba ndi ndiwo zamasamba sizinawonjezere vuto. Choncho amayi amene mwaletsa nyemba, nandolo ndi khobwe pakhomo chifukwa cha chala cha bambo, zibwezereni mumphika. Zofunika kuchepetsa ndi zam'kati, monga chiwindi, impso ndi nthumbwana, kenako mowa, makamaka wa m'mabotolo ndi masese, ndiponso zakumwa zotsekemera, chifukwa shuga wake amachititsa chiwindi kupanga uric acid wambiri. Mowa umapweteka pawiri, umabweretsa purine komanso umaletsa impso kumutulutsa. Koma ngakhale mutadziletsa bwanji, zakudya zokha zimatsitsa nambala ija pang'ono, mwina ndi 1 basi. Amene ali pa 9 kapena 10 sangafike pabwino ndi kusala kokha.

Madzi ndiye ofunika, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November, kwa alimi, a kabaza, oumba njerwa ndi onse a kuchigwa cha Shire. Ku Nicaragua ndi El Salvador, anyamata ambiri odula nzimbe akhala akumwalira ndi matenda a impso asali ndi BP kapena shuga. Ofufuza akuloza chala kutentha ndi kuchepa kwa madzi m'thupi tsiku ndi tsiku, ndipo ena mwa iwo anapeza timiyala ta uric acid mumkodzo wa antchitowo, ngakhale kuti zifukwa zonse zikufufuzidwabe. Chimene akulimbikitsa kumeneko ndi madzi, mthunzi ndi kupumula. Inu muziyang'ana mkodzo wanu. Ukakhala wachikasu kwambiri ndi wochepa, thupi likupempha madzi. Okhawo amene dokotala anawauza kuti achepetse madzi chifukwa cha mtima kapena impso zofooka kwambiri, atsatire zimene anauzidwazo.

Kwa amene gauti imawabwerera kawiri kapena kuposa pa chaka, amene atuluka timibulu tolimba m'zala, m'zigongono kapena m'makutu, ndi amene anapezekapo ndi mwala wa uric acid, mankhwala enieni ndi allopurinol uja. Anafika pokhala mankhwala chifukwa cha ntchito ya Gertrude Elion ndi George Hitchings, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1988, ndipo akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'ma 1960. Si opha ululu. Amachepetsa kapangidwe ka uric acid m'chiwindi, ndipo amamwedwa tsiku lililonse, chala chikupweteka kapena chisakupweteka. Dokotala amayamba ndi mulingo wochepa, mamiligalamu 100, kapena ocheperapo ngati impso ndi zofooka, nkumakweza pang'onopang'ono mpaka nambala itsike pansi pa 6, kapena pansi pa 360 pa muyeso winawo. Ikakhazikika pamenepo, timiyala takale timayamba kusungunuka. M'miyezi yoyamba gauti ikhoza kubwera kaye pafupipafupi, ndipo apa mpomwe ambiri amataya mtima nkunena kuti mankhwalawa sakuwayanja. Musasiye, bwererani kwa dokotala. Pali chinthu chimodzi chokha chimene mukachiona muyenera kusiya tsiku lomwelo nkuthamangira kuchipatala: zidzolo pakhungu, zilonda m'kamwa kapena maso kufiira, makamaka zikabwera ndi kutentha thupi. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika nzoopsa.

(NYIMBO YOTSEKERA IYAMBE CHAPANSIPANSI)

WOULUTSA: Nthawi yathu yatha. Inu bambo, inu mayi amene mwakhala mukumwa mapiritsi opha ululu kwa miyezi yambiri chifukwa cha phazi, bondo kapena chigongono, sabata ino sonkhanitsani timapepala ndi timabotolo tonse ta mankhwala amene mumamwa, ogula ku okala ndi azitsamba omwe, mutenge ndi buku lanu la kuchipatala. Mukakafika mukawaonetse zonsezo osabisa, ndipo mukapemphe kuti akuyezeni BP, shuga, mkodzo ndi creatinine. Ngati pamalopo alibe zipangizo, mukapemphe kalata yopitira kuchipatala cha paboma.

(NYIMBO IKWERE MPAKA KUMAPETO)